Kalondolondo wa Mavairasi a Kolona M'mileme: Mafunso ndi Mayankho

Mileme imakhala ndi mitundu yambirimbiri ya mavairasi a kolona, ndipo yochuluka mwa mitunduyi sinadwalitsepo munthu. Komabe matenda atatu omwe agwedeza dziko m'zaka zapitazi, SARS mu 2002, MERS mu 2012 ndi Covid-19 mu 2019, anayamba ndi mavairasi omwe achibale awo amapezeka m'mileme. N'chifukwa chake m'mayiko ambiri muli akatswiri omwe amagwira mileme, kuyeza mavairasi omwe ili nawo, ndi kufufuza kuti mwa onsewo ndi ati omwe angathe kufika kwa anthu.

Kodi mavairasi a kolona ndi otani, ndipo ndi angati omwe amagwira anthu?

Ndi banja lalikulu la mavairasi okhala m'nyama zoyamwitsa ndi mbalame. Kachilombo kalikonse ka m'banjali ndi kozungulira, ndipo kunja kwake kuli timinga ta puloteni totchedwa spike, tomwe kamagwiritsa ntchito polowa m'maselo. M'kati mwake muli RNA, mndandanda wa zilembo pafupifupi 30,000 momwe munalembedwa chibadwa chake chonse. Banjali lili ndi magulu anayi: alpha, beta, gamma ndi delta. M'mileme mumapezeka kwambiri alpha ndi beta, pomwe gamma ndi delta amachuluka m'mbalame.

Odziwika kuti amafalikira pakati pa anthu alipo 7. Anayi mwa iwo, 229E, NL63, OC43 ndi HKU1, kawirikawiri amangoyambitsa chimfine wamba. Atatu otsalawo ndiwo oopsa: SARS-CoV, MERS-CoV ndi SARS-CoV-2, kachilombo ka Covid-19. Mwa 7 amenewa, 5 ali ndi achibale m'mileme. OC43 ndi HKU1 akuoneka kuti makolo awo anali m'nyama za mtundu wa makoswe ndi mbewa.

Zinadziwika bwanji kuti mileme ndiyo imasunga mavairasiwa?

SARS inayamba m'chigawo cha Guangdong ku China mu Novembala 2002. Pofika mu Julayi 2003, pomwe mliri unatha, anthu oposa 8,000 anali atadwala ndipo 774 anali atamwalira. Mu 2003 ochita kafukufuku anapeza kachilombo kofanana kwambiri ndi ka SARS m'nyama zotchedwa civet, zomwe zinkagulitsidwa zamoyo mumsika wa mumzinda wa Shenzhen kuti anthu akadye. Koma panali chododometsa: ma civet a m'misika anali nako, pomwe a m'mafamu ambiri analibe. Zinaonetsa kuti nyamazi zinkakatengera kwina.

Mu 2005 magulu awiri a asayansi, lina la ku University of Hong Kong ndi lina momwe munali Shi Zhengli wa ku Wuhan Institute of Virology ndi Lin-Fa Wang, anapeza mavairasi a mtundu wa SARS m'mileme ya gulu la Rhinolophus. Imeneyi ndi mileme yaing'ono yodya tizilombo touluka, yokhala ndi khungu lopindika pamphuno, ndipo imakonda kugona m'mapanga. Mu 2013 gulu la Shi Zhengli linakwanitsa kuchulukitsa mu labotale kachilombo kamoyo kochokera kumleme wa m'chigawo cha Yunnan ku China, kotchedwa WIV1, n'kuonetsa kuti kangalowe m'maselo a munthu. Mu 2017, atayendera phanga limodzi ku Yunnan kwa zaka zisanu, gululi linalengeza kuti zidutswa zonse za chibadwa cha SARS zinalimo m'phangamo, ngakhale zinali zomwazikana m'mavairasi osiyanasiyana.

N'chifukwa chiyani mileme imatchulidwa kwambiri kuposa nyama zina?

Choyamba, mileme ndi yambiri. Pali mitundu yoposa 1,400, kutanthauza kuti pa mitundu isanu iliyonse ya nyama zoyamwitsa, pafupifupi umodzi ndi wa mleme. Kafukufuku wa ku University of Glasgow mu 2020 anapeza kuti gulu la nyama likakhala ndi mitundu yambiri, limakhalanso ndi mavairasi ambiri otha kufika kwa anthu, ndipo pa mfundo imeneyi mileme siisiyana kwenikweni ndi makoswe kapena mbalame.

Chachiwiri ndi kakhalidwe kake. Mileme yambiri imagona mothithikana, masauzande kapena mamiliyoni pamalo amodzi, nthawi zina mitundu ingapo m'phanga limodzi. Imauluka mitunda italiitali, ndipo imakhala zaka zambiri poyerekeza ndi kuchepa kwa thupi lake. Mleme wina wa ku Siberia wolemera magalamu ochepa chabe unapezeka uli ndi zaka zosachepera 41. Zonsezi zimapatsa kachilombo mpata wozungulira m'gulu osatheramo.

Chachitatu ndi chitetezo cha m'thupi mwake. Matupi a mileme amaletsa mavairasi kuchulukana kwambiri, koma sachita kutupa koopsa komwe kumawononga mapapo a munthu wodwala SARS kapena Covid-19. Motero mleme ungakhale ndi kachilombo osaoneka kuti ukudwala.

Pa mavairasi a kolona okha, kusiyana kwa mileme ndi nyama zina n'kwakukulu. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 anayeza nyama ndi anthu oposa 19,000 m'mayiko 20. Pafupifupi 9 peresenti ya mileme inapezeka ndi kachilombo ka kolona, pomwe mwa ena onsewo anali 0.2 peresenti yokha. Ochita kafukufukuyo anayerekeza kuti m'mileme ya padziko lonse mungakhale mitundu ya kolona yoposa 3,000, yambiri yosadziwikabe.

Kodi ntchito yogwira ndi kuyeza mileme imayenda bwanji kutchire?

Imayamba dzuwa lisanalowe. Akatswiri amatchera ukonde wopyapyala kwambiri pakhomo la phanga, pansi pa mitengo ya zipatso kapena m'mbali mwa madzi. Ena amagwiritsa ntchito msampha wa zingwe zowonda zoimiriridwa pa felemu: mleme ukagunda zingwezo umatsetserekera m'thumba la nsalu lili pansi. Ogwira ntchito amavala magolovesi ochindikala, zotchinga kukamwa ndi mphuno, zoteteza maso ndi zovala zophimba thupi lonse, ndipo amayamba abayitsa katemera wa chiwewe.

Mleme ukakodwa amauwonjola msanga n'kuuika m'kathumba ka nsalu ka wokha. Kenako amauyeza kulemera ndi kutalika kwa mkono wa phiko, n'kulemba mtundu wake, ngati ndi waumuna kapena waukazi, waung'ono kapena waukulu, ndiponso ngati uli ndi bere kapena ukuyamwitsa. Ndi kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga amatenga malovu m'kamwa, ndi kena amapukuta kotulukira chimbudzi. Nthawi zambiri m'kathumbamo mumakhala mutagwera kale tizitosi tingapo, ndipo timeneti n'tofunika kwambiri chifukwa m'mileme mavairasi a kolona amakhala makamaka m'matumbo. Amatenganso timadontho ta magazi, ndi kachidutswa kakang'ono ka khungu la phiko kotsimikizira mtundu wa mlemewo. Mileme yodya zipatso amaimwetsa madzi a shuga kapena a zipatso asanaimasule, ndipo yambiri imabwerera kuthengo usiku womwewo.

Pali njira inanso yosagwira mleme n'komwe. Amayala pulasitiki pansi pa malo omwe mileme imagona, m'mawa n'kudzatola zitosi zomwe zagwerapo. Njirayi ndi yotsika mtengo ndipo siivutitsa nyama, kungoti sizidziwika bwino kuti chitosi chilichonse ndi cha mleme uti.

RNA imawonongeka msanga kukatentha. Choncho masampulo amawaika m'timabotolo ta mankhwala osunga RNA, kapena kuwamiza mu nayitulojeni wamadzi yemwe amazizira kufika pa madigiri 196 pansi pa ziro. Akafika ku labotale amawasunga m'mafiriji a madigiri 80 pansi pa ziro. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali popanda jenereta, ntchito ya miyezi ingapo imatha kupita pachabe.

Kuyendera malo kamodzi sikukwanira. Kafukufuku wa ku Germany ndi wa kum'mawa kwa Africa waonetsa kuti kuchuluka kwa mavairasi a kolona m'gulu la mileme kumakwera ndi kutsika motsatira nyengo, ndipo kumakwera kwambiri ana a mileme akamasiya kuyamwa. Amene wafika pa nthawi yolakwika angaganize kuti phangalo lilibe kanthu.

Nanga ku labotale amachita chiyani ndi masampulowo?

Poyamba amagwiritsa ntchito PCR, njira yomweyo yomwe anthu anaizolowera poyezetsa Covid-19. Kusiyana kwake n'kwakuti pano safuna kachilombo kamodzi kodziwika kale. Amafunafuna kachigawo ka chibadwa kotchedwa RdRp, komwe kamafanana m'banja lonse la kolona, kotero kuti ngakhale kachilombo katsopano kamaonekera. Sampulo ikaonetsa kuti muli kanthu, makina amawerenga zilembo za kachigawoko, kenako amaziyerekeza ndi zomwe zinasungidwa kale m'nkhokwe za pa intaneti monga GenBank. Apa m'pomwe zimadziwika ngati kachilomboko ndi ka alpha kapena beta, ndiponso ngati kali pachibale ndi SARS kapena MERS.

Kachigawo kameneka kamangokhala ndi zilembo mazana angapo mwa 30,000 zija. Kamathandiza kudziwa mtundu, koma sikanena ngati kachilomboko n'koopsa. Kuti adziwe zimenezo amayenera kuwerenga chibadwa chonse, makamaka mbali ya spike. Mavairasi ambiri a m'mileme amadziwika ndi zilembo zawo zokha pa kompyuta, chifukwa kuwachulukitsa amoyo mu labotale n'kovuta ndipo kwatheka pa ochepa okha.

Amadziwa bwanji kuti kachilombo kena kangagwire munthu?

Funso loyamba ndi lakuti: kodi kangalowe m'selo ya munthu? Spike ili ngati kiyi, ndipo puloteni ina yake ya kunja kwa selo ndiye loko. SARS-CoV, SARS-CoV-2 ndi NL63 amalowera pa puloteni yotchedwa ACE2, pomwe MERS-CoV imalowera pa DPP4. ACE2 ya mleme imasiyana pang'ono ndi ya munthu, motero spike yogwira bwino kwa mleme ingathe kulephera kwa munthu.

Poyesa zimenezi, asayansi nthawi zambiri sagwiritsa ntchito kachilombo kenikeniko. Amatenga spike yokha n'kuiveka pa kachilombo kena kofooketsedwa komwe sikangathe kuberekana, n'kuona ngati kalowa m'maselo okhala ndi ACE2 ya munthu. Kakalowa, amayesa ngati kachilombo kenikeniko kangachulukane m'maselo a njira ya mpweya ya munthu olimidwa mu labotale, ngati kangadwalitse mbewa zoyeserapo, ndiponso ngati katemera ndi mankhwala omwe alipo angakagonjetse.

Mwa njira imeneyi kwapezeka angapo oyenera kuwayang'anitsitsa. Khosta-2, wopezeka m'mileme pafupi ndi Sochi ku Russia, anaonetsedwa mu 2022 kuti spike yake imagwira ACE2 ya munthu. Mu 2025 gulu la Shi Zhengli linalengeza za HKU5-CoV-2, wachibale wa MERS yemwe amathanso kulowera pa ACE2 ya munthu, ngakhale mosafika pa mphamvu ya SARS-CoV-2. Palibe munthu wodziwika kuti anadwalapo ndi awiriwa.

Kulowa m'selo ndi chiyambi chabe. Kachilombo kayenera kufika kwa munthu kochuluka mokwanira, kupirira chitetezo cha m'thupi mwake, kuchulukana pamphuno, pammero kapena m'mapapo, kutuluka, n'kukafika kwa munthu wina. Ambiri amalephera pa imodzi mwa mbali zimenezi. Chomwe chimachititsa kuti banja la kolona lisapeputsidwe ndi chakuti mavairasi awiri akakumana m'selo imodzi amatha kusinthana zigawo za chibadwa, moti mmodzi angatenge spike ya mnzake. M'phanga momwe mitundu ingapo ya mileme imagonera pamodzi, kusinthana kotereku kumachitika kawirikawiri.

Kodi kachilombo kamadutsa njira iti kuchoka kwa mleme kufika kwa munthu?

Nthawi zambiri pamakhala nyama ina pakati. Pa SARS zinali nyama zakutchire za m'misika, momwe makola amasanjikizidwa, ndowe ndi mkodzo wa nyama yapamwamba zikugwera yapansi. Pa MERS ndi ngamila. Matendawa anadziwika koyamba mu 2012 kwa wodwala wa ku Jeddah ku Saudi Arabia, koma magazi a ngamila za kumpoto chakum'mawa kwa Africa osungidwa kuyambira 1983 anaonetsa kuti ngamila zinali nako kachilomboko kalekale. Anthu oposa 2,600 apezeka ndi MERS, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anamwalira. Mu 2015 munthu mmodzi wochokera ku Middle East anafika nayo ku South Korea, komwe anthu 186 anadwala, makamaka m'zipatala, ndipo 38 anamwalira.

Ziweto nazo zimavulala. Mu 2016 ndi 2017 kachilombo kotchedwa SADS-CoV kanapha ana a nkhumba pafupifupi 25,000 m'mafamu anayi ku Guangdong, ndipo kanapezeka kuti n'kofanana kwambiri ndi mavairasi a mileme ya Rhinolophus ya m'dera lomwelo. Ogwira ntchito m'mafamuwo atayezedwa sanapezeke nako.

Njira yachindunji iliponso. Okumba zitosi za mileme m'mapanga kuti apange manyowa, ogwira ntchito m'migodi, osaka mileme kuti adye ndiwo, ndi okhala m'nyumba zomwe mileme imagona kudenga, onsewa amakhudzana ndi zitosi, mkodzo kapena magazi a mileme.

Kodi kudumphira kwa anthu kumeneku kumachitika kawirikawiri?

Zikuoneka kuti kumachitika kambiri kuposa momwe zipatala zimaonera. Munthu akagwidwa ndi kachilombo, m'magazi mwake mumatsala ma antibody, omwe ndi umboni woti thupi linalimbanapo nako. Mu 2015 ochita kafukufuku anayeza magazi a anthu 218 okhala pafupi ndi mapanga a mileme m'dera la Jinning ku Yunnan. Anthu 6 anapezeka ndi ma antibody a mavairasi a m'mileme a mtundu wa SARS, ndipo panalibe mliri uliwonse wodziwika m'deralo.

Kafukufuku wina wa mu 2022 anaphatikiza mapu a komwe kumakhala mileme, chiwerengero cha anthu ndi zotsatira za kuyeza magazi, n'kuyerekeza kuti kum'mwera chakum'mawa kwa Asia ndi kum'mwera kwa China anthu pafupifupi 66,000 angakhale akugwidwa ndi mavairasi a mtundu wa SARS chaka chilichonse. Chiwerengerochi n'chongoyerekeza mwa masamu, osati cha odwala owerengedwa. Chomwe chikusonyeza n'chakuti kachilombo kamafika kwa munthu kawirikawiri n'kuthera pomwepo, ndipo mliri umabuka pokhapokha kakatha kupitirira kwa ena.

Kodi Covid-19 inachokera kwa mileme?

Achibale apafupi kwambiri a SARS-CoV-2 odziwika mpaka pano onse ndi a m'mileme ya Rhinolophus. RaTG13, wotengedwa mu 2013 m'mgodi wakale ku Mojiang m'chigawo cha Yunnan, amafanana naye pafupifupi 96 peresenti. BANAL-52, yemwe anapezeka kumpoto kwa Laos ndi asayansi a Institut Pasteur ndi anzawo a m'dzikomo, amafanana naye 96.8 peresenti. Ena apezeka ku Cambodia, Thailand ndi Japan. Pa zilembo 30,000, kusiyana kwa 3 kapena 4 peresenti ndi zilembo pafupifupi 1,000, zomwe zimatenga zaka makumi angapo kuti zisinthe. Choncho palibe mwa amenewa yemwe ndi kholo lenileni la SARS-CoV-2.

Kuti makolo ake anali m'mileme, asayansi ambiri satsutsana. Mkangano uli pa njira yomwe kanadzera kufika mumzinda wa Wuhan mu Disembala 2019. Ambiri amaloza msika wa Huanan, komwe kunkagulitsidwa nyama zakutchire zamoyo ndipo odwala ambiri oyambirira ankagwira ntchito kapena kukhala pafupi napo. Ena amati kangakhale kuti kanatuluka mwangozi mu labotale, popeza mumzinda womwewo muli Wuhan Institute of Virology. Mu Juni 2025 gulu la akatswiri la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, lotchedwa SAGO, linanena kuti umboni womwe ulipo ukulemerera kumbali ya nyama, koma nkhani ya labotale singachotsedwepo chifukwa China sinapereke zonse zomwe gululo linapempha.

Nanga mu Africa mwapezeka zotani?

Achibale a 229E anapezeka m'mileme ya ku Ghana, ndipo a NL63 m'mileme ya ku Kenya. Ku South Africa, mu 2013, kunalengezedwa za kachilombo kotchedwa NeoCoV, mmodzi mwa achibale apafupi kwambiri a MERS omwe apezekapo m'mleme, ndipo wina wofanana naye anapezeka ku Uganda. Mu 2022 kunadziwika kuti NeoCoV amalowera pa ACE2 ya mileme, koma ya munthu saigwira bwino. Mavairasi a mtundu wa SARS apezekanso m'mileme ya Rhinolophus ku Kenya, Uganda ndi Rwanda. Ku Mozambique ndi Zimbabwe nako ofufuza apeza mavairasi a kolona a magulu a alpha ndi beta.

Ku Zambia, University of Zambia yakhala ikufufuza mavairasi a m'mileme mogwirizana ndi Hokkaido University ya ku Japan. M'dziko lomweli muli Kasanka National Park, komwe chaka ndi chaka, kuyambira mu Okutobala mpaka Disembala, kumasonkhana mamiliyoni a mileme ikuluikulu yodya zipatso ya mtundu wa Eidolon helvum. Ina itavekedwa zipangizo zoilondolera inapezeka kuti imauluka makilomita oposa 2,000. Mtundu umenewu uli ndi mavairasi ake a kolona, koma palibe mwa iwo wodziwika kuti amadwalitsa anthu. Maulendo ake akusonyeza kuti kalondolondo wa dziko limodzi payekha sangakwanire.

Mileme ya Rhinolophus iliponso ku Malawi ndi Zambia. Ku Lilongwe kuli bungwe la African Bat Conservation, lomwe limafufuza za mileme ndi kuthandiza anthu omwe mileme yawalowera kudenga. Ma labotale otha kusunga mavairasi oopsa kwambiri ndi ochepa mu Africa. Yodziwika kwambiri kum'mwera kuno ndi ya National Institute for Communicable Diseases ku Johannesburg.

Kodi kalondolondoyu angalosere mliri wotsatira?

Mpaka pano sanalosepo. Pulogalamu yaikulu kwambiri ya mtunduwu inali PREDICT, yomwe boma la United States linkalipirira kudzera ku USAID kuyambira 2009 mpaka 2020, motsogozedwa ndi University of California, Davis. Inagwira ntchito m'mayiko oposa 30 ndipo inapeza mavairasi atsopano oposa 900 a mabanja osiyanasiyana, koma SARS-CoV-2 sanali pakati pawo. Otsutsa amati mavairasi m'nyama ndi ochuluka zedi ndipo amasintha msanga, moti kuwalemba onse m'kaundula n'kosatheka. Iwo amati ndalamazo zingathandize kwambiri zitapita poyeza anthu ndi ziweto m'malo omwe amakumana ndi nyama zakutchire.

Phindu la kalondolondoyu laonekera kwina. Mu Januwale 2020 asayansi a chipatala cha Charité ku Berlin anapanga njira yoyamba ya PCR yoyezera Covid-19 yomwe WHO inafalitsa, asanakhale n'komwe ndi kachilomboko m'manja. Anadalira zilembo za SARS ndi za achibale ake a m'mileme. Mankhwala a remdesivir anali atayesedwa kale pa mavairasi a m'mileme mu 2017. Ofuna kupanga katemera woteteza ku mavairasi angapo a kolona nthawi imodzi amagwiritsanso ntchito ma spike a m'mileme poyesa ntchito yawo. Kuwonjezera apo, ogwira ntchito za m'ma labotale omwe anaphunzitsidwa mu Africa ndi Asia kudzera m'mapulogalamuwa anali m'gulu la oyamba kuyeza Covid-19 m'mayiko awo. Kalondolondo amasonyeza banja loyenera kuliopa ndi madera oyenera kuwayang'anira, koma satchula tsiku kapena dzina la kachilombo kodzabweretsa mliri.

Kodi ntchitoyi payokha ilibe ngozi?

Ili nazo. Wogwira mleme angalumidwe kapena kupuma fumbi la zitosi. Mu labotale ngozi zinachitikapo: mliri wa SARS utatha, ogwira ntchito anatenga kachilomboko m'ma labotale a ku Singapore ndi Taiwan mu 2003, ndi ku Beijing mu 2004.

Mkangano waukulu uli pa kafukufuku wosintha chibadwa cha kachilombo pofuna kuona zomwe kangachite. Mu 2015 gulu la Ralph Baric ku University of North Carolina linaika spike ya kachilombo ka m'mleme kotchedwa SHC014 pa kachilombo ka SARS kozolowera mbewa, n'kupeza kuti kosakanizako kamachulukana m'maselo a munthu. Ena anati zimenezi zinachenjeza dziko, ena anati kunali kupanga choopsa chomwe kunalibe. Boma la United States linaimitsa kupereka ndalama za kafukufuku wina wa mtunduwu kuyambira Okutobala 2014 mpaka Disembala 2017. Covid-19 itabuka, nkhawa zinakula: mu 2023 USAID inathetsa pulogalamu ya DEEP VZN yomwe inkapitiriza ntchito yosaka mavairasi, ndipo mu 2024 boma linaimitsa ndalama zopita ku bungwe la EcoHealth Alliance, lomwe linkagwira ntchito ndi labotale ya ku Wuhan.

Palinso funso la chilungamo. Masampulo amatengedwa kwambiri m'mayiko osauka, koma katemera ndi mankhwala zimapangidwa ndi kugulidwa koyamba m'mayiko olemera, monga zinaonekera mu 2021. Pangano la miliri lomwe mayiko a mu WHO anavomereza mu Meyi 2025 lili ndi mfundo yakuti dziko logawana mavairasi ndi zilembo zawo lizilandirako phindu lochokera pamenepo.

Bwanji osangopha mileme kuti vuto lithe?

Kupha mileme kunayesedwapo ndipo kunabweretsa zosiyana ndi zomwe anthu ankafuna. Ku Uganda, anthu ogwira ntchito mumgodi wa Kitaka atadwala matenda a Marburg mu 2007, mileme ya mumgodimo inaphedwa. Patapita zaka zochepa mileme ina inadzalowamo, ndipo itayezedwa, pafupifupi 13 peresenti inali ndi kachilomboko, pomwe kale inali pafupifupi 5 peresenti. Marburg si wa banja la kolona, koma phunziro lake ndi lomwelo: kusokoneza gulu kumamwaza mileme, kumabweretsa yatsopano yopanda chitetezo, ndipo opha milemewo ndiwo amakhudza magazi ake.

Mileme ilinso ndi ntchito yaikulu. Yodya tizilombo imachepetsa tizilombo towononga mbewu. M'minda ya makademiya ku Limpopo, South Africa, kafukufuku waonetsa kuti mileme ndi mbalame zikatsekeredwa kunja, zokolola zimawonongeka kwambiri. Yodya zipatso imamwaza njere za mitengo ya m'nkhalango, ndipo ndi imodzi mwa zonyamula mungu wa maluwa a mlambe, omwe amamasula usiku.

Ndiye chiopsezo chingachepe bwanji?

Pochepetsa kukumana kwa mileme, ziweto ndi anthu, ndi pozindikira msanga kachilombo kakadumpha. Zitsanzo zomveka bwino zachokera ku mavairasi ena a m'mileme. Ku Bangladesh anthu amatenga Nipah pomwa madzi a mtengo wa kanjedza omwe mileme yanyambita usiku, ndipo kuphimba miphika ndi pogobedwa pa mtengo ndi timphasa ta nsungwi kumaletsa mileme kufikapo. Ku Australia, kafukufuku wa zaka 25 wofalitsidwa mu 2022 anapeza kuti Hendra imafika kwa akavalo makamaka mileme ikasowa chakudya m'nkhalango n'kusamukira kuminda, ndipo mitengo yachilengedwe ikachita maluwa ambiri m'nyengo yozizira matendawa sabuka. Kusunga nkhalango kuli m'gulu la njira zotetezera anthu.

Pakhomo, alangizi a zaumoyo amati mleme wodwala kapena wakufa usagwiridwe ndi manja, chipatso cholumidwa ndi mleme chisadyedwe, zitsime ndi ndowa za madzi zizivundikiridwa, ndipo khola la nkhumba lisamangidwe pansi pa mtengo womwe mileme imagona kapena kudyera. Posesa zitosi kudenga ndi bwino kuyamba kuwaza madzi kuti fumbi lisauluke, ndi kuvala chotchinga kukamwa ndi mphuno. Mipata ya padenga itsekedwe mileme itatuluka madzulo, ndipo osati pa nyengo yomwe ili ndi ana osauluka. Wolumidwa kapena kukandidwa ndi mleme atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala chifukwa cha chiwewe.

Kumbali ya boma, njira yomwe mabungwe a WHO, FAO, WOAH ndi UNEP amalimbikitsa imatchedwa One Health, yomwe imafuna kuti madokotala a anthu, a ziweto ndi akatswiri a nyama zakutchire azigwirira ntchito limodzi ndi kuuzana zomwe apeza. Zikutanthauza kuyendera magulu a mileme omwewo nyengo ndi nyengo, kuyeza magazi a osaka, okumba manyowa m'mapanga, a m'migodi ndi ogulitsa nyama, kufufuza msanga ziweto zikayamba kufa mosadziwika bwino, ndi kukhala ndi ma labotale otha kuwerenga chibadwa cha kachilombo pasanathe masiku ambiri pomwe chipatala chalandira odwala chibayo angapo omwe choyambitsa chake sichikudziwika.